Bokosi la mu Nambala Naini

Bokosi la Dokotala Alima linasowa ine ndikutafuna mandasi kuseri kwa kiliniki. Ndikunena izi poyamba pomwe chifukwa pambuyo pake anthu anaithira mchere nkhaniyi: ena amati ndinali ku kachasu, ena amati ndinali kwa mkazi wa mwini. Bodza. Anali mandasi, ouma gwa ngati mtima wa kapitawo.

Ine ndine Goodson Mulepa, dalaivala wa ambulansi pa kiliniki ya esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Dzina la esitetiyo sinditchula, ndikadali ndi ana kusukulu. Yanga sukulu inathera Sitandade 7. Yotsalayo ndinakaimalizira pa msewu wa ku Beira ndi ku Joni, komwe ndinaphunzira kuti munthu woseketsa anzake samenyedwa msanga.

Chinali chaka chija cha anamapopa, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ku Mulanje anali atapha kale anthu powaganizira kuti akupopa magazi, ndipo mphekesera inali itafika kwathu. Anyamata amatchinga misewu ndi miyala, zikwanje m'manja, kusecha galimoto iliyonse. Ndiye tangoganizani, m'nyengo yotereyi kukutulukira mzimayi wa ku Blantyre, mpango wake uli kumutu, kudzatenga magazi a makanda.

Dokotala Alima Ridwan sanali dokotala wa jakisoni, anali wa kafukufuku. A Fackson Namacha, mkulu wa kiliniki yathu, amene tonse timangoti a Inichaji, anawafufuza pa foni tsiku lomwe anafika. Anapeza kuti mayiyo walemba mapepala ambirimbiri amene amawerengedwa m'mayunivesite: ena a tizilombo tosamva mankhwala, ena a momwe mabwana a m'zipatala amaopsezera antchito awo mpaka antchitowo kuopa kunena cholakwika. Pepala lina akuti linachotsetsa bwana pa chipatala china kutali uko. Limenelo a Inichaji analiwerenga thukuta lili kamukamu, ine ndikuwaonera pagalasi.

Chinawabweretsa Dokotala chinali ichi: ana amabadwa bwinobwino pa kiliniki yathu, koma patapita masiku thupi kutentha, kusiya kuyamwa. Mmodzi tinali titaika kale m'manda. Awiri anali gone mu wodi, mankhwala osawagwira. M'mawa wa tsikulo Dokotala anatenga timagazi ta awiriwo, amayi awo atagwirizira timikono. Anapukutanso ndi timitengo tathonje m'manja mwa antchito onse, mu sinki, ndi pa thumba la diripi. Zonsezo anaika m'bokosi lobiriwira la ayisi, naliika mu ambulansi kuti ndiwaperekeze ku labu ku Blantyre. Iwo analowa mu wodi kukatsanzika amayi aja. Ine ku mandasi.

Pobwera ndinawapeza ataima pa chitseko chakumbuyo kwa ambulansi, akuyang'ana pansi popanda kanthu.

"A Mulepa, mwalisuntha?"

"Ine ndimasuntha galimoto yokha, Dokotala. Katundu amasuntha yekha."

Sanaseke. "Likapanda kufika ku labu lero, sitidziwa mankhwala oti tiwapatse ana aja."

"Za ana tiganiza," ndinatero. "Ine ndikuganiza za inu. Munthu akalitsegulira kunja kwa mpanda uno bokosilo, aonamo chiyani?"

Anandiyang'ana. Kenako anagwira mpango wawo pakhosi.

"Magazi," anatero.

*

Ndinayambira pa geti, kwa Che Nuhu mlonda wathu, mkulu amene amayankhula ngati mawu amachita kugula.

"Che Nuhu, padutsa bokosi apa?"

"Walahi, pa geti langa sipanadutse bokosi."

"Padutsa ndani?"

"Odwala. Wa nthochi. Amake Madalo ndi msana wawo uja." Anaganiza kaye. "Ndi galu."

"Galuyo ananyamula kanthu?"

"Mwano, a Mulepa. Mwano."

"Pepani. Nanga pobowoka paja, kuseri kwa ng'anjo yowotchera zinyalala, potulukira ku tiyi?"

"Kumeneko si geti langa. Geti langa ndi ili." Analigwira ngati akugwira mwana wake. "Koma poti mwayamba upolisi, mundifunsirenso changa. Chiguduli changa chokhalira. Ndinachisiya pa mpopi m'mawa uno, chasowa. Wakuba wa masiku ano alibe ulemu, akuba ndi pokhalira pa munthu wamkulu."

Wakuba wa bokosi la magazi, wakuba wa chiguduli chong'ambika. Ndinaganiza kuti ndi nkhani ziwiri. Ndinamusiya mkuluyo akudandaula.

*

A Inichaji ndinawapeza mu ofesi, fani ikuwaomba, akusenda nthochi mosafulumira. Munthu wa mumzinda ameneyu, wobwera ndi mapepala ake. Tiyi amangomudziwa wa m'kapu.

"Mistala Mulepa," anatero osandipatsa mpando, "katundu akakhala m'galimoto ya kampani, woyankha ndi dalaivala. Ndilemba lipoti. Mukonzekere sasipenshoni."

"Zikomo bwana, ndipumeko. Koma inu simunaoneko kanthu? Zenera lanuli limaona kuseri konse, mpaka kumunsi ku tiyi."

"Ine ndimaona odwala, osati mazenera. Sindinadzukepo pampando uno chiyambire m'mawa. Funsani amene mukufuna."

"Ndiye tiimbire apolisi, bwana."

"Za bokosi la ayisi?" Anaseka. "Mlendoyo ndinamuchenjeza kuti nyengo ino si yoyenda ndi magazi. Anthu a ku yunivesite samva. Amabwera kudzalemba za ife, kutchukira pa ife, kenako n'kumapita."

Chinandiopsa si mawuwo ayi. Anali madyedwe a nthochi aja. Bokosi la magazi lasowa pa kiliniki yako m'chaka cha anamapopa, iwe n'kumasenda nthochi ngati uli pa ukwati?

Potuluka ndinagundana ndi Sisita Rhoda, nesi wathu wa ku wodi ya amayi, mwana wobadwira kumalayini konkuno, komwe kumakhala antchito a esiteti. Mayi ake anathyola tiyi mpaka zala kupindika kuti iye aphunzire. Ndinamunyamulapo ali khanda, ndiye ndimamuseka momwe ndafunira.

"Rhoda mwana wanga, wayamba kuthyola tiyi wa ganyu? Malipiro a unesi achepa?"

Ndinanena choncho chifukwa yunifolomu yake yoyera inali ndi mizere yobiriwira m'chiuno monse. Tiyi amadulidwa mofika m'chiuno, ndipo aliyense wodutsa pakati pake amalembedwa pamenepo. N'chifukwa chake othyola amamanga mapulasitiki m'chiuno.

Rhoda anayang'ana diresi lake.  Asanayankhe, kumunsi kunalira wezulo. Ina inayankha kutsidya. Kenako mfuu, wa amayi ambiri pamodzi, ukukwera phiri:

"Namapopa! Namapopaaa!"

*

Dokotala Alima ndinawatsekera m'chipinda chosungira mankhwala, poti ndi chokhacho cha chitseko chachitsulo.

"Ndipite ndikawafotokozere," anatero.

"Dokotala, ine ndaonapo gulu lotere ku Joni. Silikhala ndi makutu, limakhala ndi manja okha. Khalani pansi, musatsokomole."

Ndinaimbira apolisi ku Boma. Anati galimoto ili ku Thekerani, kwabuka zomwezi, ikabwerako atipeza. Ndinati zikomo, mubwere ndi fosholo. Che Nuhu anamanga geti ndi unyolo, milomo ikuyenda ndi mapemphero. Ine ndinatulukira pobowoka paja n'kutsetsereka.

Gulu linali pa shedi yoyezera masamba. Othyola, odulira, a ku fakitale, ena ndi zikwanje zodulira tiyi. Pakati, pa tebulo la sikelo, bokosi lija lili yasa, timabotolo tofiira tikuoneka. Pambali pake chiguduli cha Che Nuhu, chonyowa, chikudontha.

Kapitawo Anderson, chimunthu cha mawu ngati thirakitala, anandiloza.

"Uyu! Si uyu amamunyamula?"

Maso onse pa ine. 

"Akapitawo, ine ndimanyamula aliyense," ndinatero. "Ndinanyamula akazi anu ndi mapasa aja. Ndinakunyamulani inuyo tsiku lomwe munagwa pa njinga mutakhuta, mukuimba nyimbo ya kwaya. Ndiimbe?"

Wina anaseka kumbuyo, n'kudzigwira pakamwa. Kaseko kamodziko ndi kamene kanandigulira mpweya.

"Walitola ndani bokosili?" ndinafunsa msanga.

"Ine," anatero amake Madalo, mayi wamfupi wa pakamwa pothwa, amene wathyola tiyi pano chiyambire ine ndisanamere ndevu. "Ine ndi maso angawa. Ndati ndivundukule chiguduli, mayo! Magazi! Msana wonse unapola pompo."

"Munalipeza pati, mayi?"

"M'munda wa Nambala Naini, patsinde pa mtengo waukulu uja, pamthunzi. Atalifunditsa bwinobwino ngati mwana."

"Mu Naini? Si mwathyolamo dzulo mmenemo?"

"Dzulo lomweli. Tinapukuta. Ngakhale mbuzi singapezemo tsamba."

"Ndiye inu mumakatanimo? Njira ya kumalayini sidutsa mu Naini."

"Ine ndipite mu Naini ndekha, ndapenga? Munda wothyola dzulo, dzuwa ili, umagona masabata osalowamo munthu. Ndi a Inichaji anandiuza. Ndapita kukatenga mapilitsi a msana, iwo n'kutseka chitseko, n'kunong'ona kuti, 'Mayi, ine ndine mlendo kuno, sindingayankhule. Koma ndamuona pazenera mzimayi wa mpango uja akubisa chinthu patsinde pa mtengo uwo. Kaoneni, ndi ana anu awa.'"

Gulu linabangula. Kwa iwo umboni unakwana: wanena ndi dokotala wa kiliniki yemwe.

Ine m'mutu munali mukuthamanga zina. Munthu amene amaona odwala osati mazenera, waona pazenera. Dokotala Alima sadziwa Naini ndi Teni, akamayenda m'minda muno amati yonse ndi kapeti imodzi. Wobisa bokosi anasankha munda wokhawo umene sulowa munthu, ndiye kuti ndi mwana wa tiyi. Ndipo wakuba wofuna kuwononga sanyowetsa chiguduli n'kufunafuna mthunzi. Ameneyo amafuna kuti zam'katimo zisafe.

"Petulo!" anakuwa wina. "Kapopeni m'njinga yamoto!"

"Akapitawo," ndinatero, "ndiloleni nditsogole ndikaone ngati akadalipo, angathawire kuseri. Makiyi a galimoto ali ndi ine, sapita patali."

Anderson anandiyang'ana m'maso.

"Ukatinamiza, Mulepa, tayala lako tilisankha lalikulu."

*

Rhoda ndinamupeza kochapira, akupukuta mizere ija ndi sopo, ikukana.

"Siichoka imeneyo," ndinatero. "Mayi ako anakuuza."

"Ankolo, ndisiyeni."

"Ndikusiya. Koma tamva kaye mawezulowo. Akukapopa petulo. Iwe unabisa bokosi mu Naini, unalifunditsa chiguduli chonyowa ngati momwe mumachitira ndi katemera mukapita kumidzi. Sindikufunsa ngati ndiwe. Ndikufunsa chifukwa."

Anakhala pansi pa simenti ponyowa pomwepo.

"Anandiuza kuti ndiliwotche," anatero motsitsa mawu. "A Inichaji. M'mawa uno."

"Chifukwa?"

"Diripi ija, ankolo. Thumba limodzi limayenera kukhala la mwana mmodzi, likatsegulidwa lotsala n'kutaya. Iwo anati tikuwononga katundu wa kampani, mabwana akuwadzudzula. Analamula kuti thumba limodzi lizipachikika mu wodi mpaka lithe, tizitungamo ndi jakisoni kupatsa ana onse. Limakhala masiku, kutentha kuno. Sisita Lisa anakana, mukudziwa komwe ali."

Ndimadziwa. Ndine ndinamunyamulira katundu wake kupita kwawo ku Kapichi, akulira njira yonse.

"Lero anandiitana. Akuti, 'Wotunga ndani? Ndiwe. Manja opukutidwa ndi a ndani? Ako. Ine palibe pomwe ndinasaina. Labu ikayankha, mayi uja alemba pepala, dziko lonse liwerenga kuti nesi wa kumalayini anapha mwana. Ku ndende ya Chichiri ukavala yoyera ina.' Ndiye ndinalitenga. Ndafika pa ng'anjo, machesi ali m'manja." Anatambasula manja ake n'kuwayang'ana. "Ana aja ndinawalandira ndine, ankolo. Mankhwala awo ali m'bokosimo. Ndinati ndilibise pomwe sipafika munthu, masana ndikuuzeni mukalitengere kumsewu, iwo aziti lapsa. Sindinadziwe kuti akundiona."

"Anakuona. Ataona kuti utsi sukutuluka, anapeza moto wina."

"Sindinafune kuti mayi aja..."

"Ndikudziwa. Koma tamva, mwana wanga, sindikunamiza. Ukayankhula, ntchito yatha, mwinanso za ndendezo n'zoona, ine malamulo sindiwadziwa. Ukakhala chete, mayi uja amuwotchera pa geti pompano, ife tikuona. Ine ndikakawauza, ati dalaivala wadya za namapopa. Iwe ndi wawo."

 Kunja unyolo wa pa geti unalira, ngwee! Kenako mwala woyamba unagwa padenga.

*

Sindinamukoke. Anadzuka yekha, diresi lonyowa, n'kudutsa pakhonde ngati munthu wopita kokabatizidwa. Podutsa pa ofesi ya a Inichaji, chitseko chinatseguka pang'ono.

"Sisita, bwererani ku wodi," anatero mawu a m'katimo. "Ndikulamula."

Rhoda sanacheuke.

Pa geti panali podzaza. Anderson kutsogolo, bokosi kukhwapa. Mnyamata wina wa ku fakitale ananyamula chigubu, fungo la petulo likufika mpaka pakhonde. Che Nuhu anaima chogwira unyolo ndi manja onse, chipewa chitagwa.

"Mutulutseni! Mutulutseni!"

Rhoda anakwera pa benchi ya odwala. Anayamba m'Chilomwe, kuitana amayi aja mmodzimmodzi ndi maina a ana awo, ana amene anawalandira yekha. Phokoso linatsika ngati mvula ikamatha.

"Bokosilo ndinabisa ndine," anatero. "Taonani m'chiunomu. Mlendo angadziwe bwanji kuti mu Naini munathyola dzulo? Chiguduli ndinatenga pa mpopi."

"Changa!" anakuwa Che Nuhu. "Walahi, changa chimenecho!"

"Nanga magaziwa?" anafunsa Anderson.

"Funsani eni ake."

Amayi awiri a ana odwala aja anali atatuluka mu wodi, atakumbatira makanda awo. Mmodzi, mtsikana wamng'ono wa ku malayini a kumtunda, anafika pa geti n'kuonetsa kadzanja ka mwana, kapulasitala kali pomwepo.

"Ndinagwirizira ndine, akapitawo," anatero akulira. "Timadontho tokha. Akuti akaone chikumudya n'chiyani. Bwezani bokosilo, mwana wanga akufa."

Rhoda ananena zonse, za diripi, za Sisita Lisa, za machesi. Sanadzichotsemo. Anati, "Wotunga ndinali ine, ndimaopa." 

Amake Madalo anadzipanikiza mpaka kutsogolo.

"Ndiye kuti bambo aja anandituma ine kuti ndikaphetse munthu? Ine? Ndi msana wangawu?" Anatukwana mawu a Chilomwe amene sindingalembe. "Atuluke iwowo!"

"Atuluke! Fackson atuluke!"

Apa ndi pomwe mantha anga anafika pa fupa. Gulu likatenga petulo silifuna kubwerera naye. Langosintha nyama basi. Anderson anapatsira Rhoda bokosi pamwamba pa geti, koma maso ake anali pa ofesi.

Che Nuhu, munthu amene sindinamumvepo akunama, anatola chipewa chake n'kuchikung'untha.

"Athawa kalekale," anatero. "Pobowoka paja. Alunjika kunyumba kwawo kumtunda."

Gulu linatembenuka ngati ng'ombe, liwiro kukwera phiri. Che Nuhu anayang'ana kumwamba. "Kumeneko si geti langa," anadziuza yekha.

*

Nditatsegula chitseko chachitsulo, Dokotala Alima anali atakhala pa katoni, nkhope itatuwa. Anamva zonse. Rhoda atawapatsa bokosi, analitsegula, nakhudza ayisi.

"Akadali ozizira," anatero. "Tiyeni. A Namacha tiwatengenso."

"Ameneyo? Dokotala, munthuyu amafuna kukuwotchani."

"Akayankhe ku polisi. Akabwerako anthu aja amupha, ndipo mawa apolisi adzatola amuna a amayi omwewa. Sindinabwere kudzawonjezera maliro."

Vuto linali njira. Pakati pa ife ndi msewu wa tara panali chotchinga cha anyamata a m'midzi ya kumunsi. Amenewo anamva theka loyamba la nkhani pa foni, loti pa esiteti pali namapopa wa mpango. Theka lachiwiri limayenda pang'onopang'ono nthawi zonse. Koma ine ndayenda misewu yambiri, ndipo ndikudziwa galimoto imodzi yokha imene Mmalawi saigwira: ya maliro.

A Inichaji tinawapeza mu ofesi mwawo momwemo, pansi pa tebulo. Ndinati, "Bwana, pali ntchito imodzi yatsala pa kiliniki pano, ndipo ndi ya inu. Gonani apa." Anagona pa machira osafunsa. Ndinawafunditsa nsalu yoyera mpaka kumutu, bokosi n'kulilowetsa kunsi kwawo. Ndinathyola nthambi za tiyi n'kumanga kutsogolo ndi kumbuyo kwa ambulansi.

Amake Madalo sanathamange nawo kumtunda, msana unawaletsa. Anaima pa geti ndi anzawo awiri, manyazi ali m'maso.

"Mayi," ndinatero, "maliro opanda olira ndi okayikitsa."

Anasuzumira m'galimoto, naona nsapato zonyezimira zikutuluka kunsi kwa nsalu. Anazizindikira.

"Ndilire ameneyu?"

"Mulirire awa," ndinaloza Dokotala.

Anavula chitenje chapamwamba n'kuwafunditsa Dokotala kumutu mpaka kumaso. "Khalani pakati pathu, mwanangu. Mutu pansi. Mukhale wamasiye. Ndinayatsa ndine, ndizimitsa ndine." Nsapato zija anazivula yekha n'kuziponya m'tiyi. "Wakufa savala nsapato."

Rhoda anatsala ndi ana. Pamene timatuluka ndinamuona pazenera la wodi akutsitsa thumba lija la diripi.

*

Chotchinga chinali pa mlatho. Miyala, chipika, anyamata ochuluka, ena maso ofiira ndi kachasu. Ndinayatsa magetsi onse n'kuyenda pang'onopang'ono. Kumbuyo amake Madalo anayamba, ndipo ndikuuzeni, mayi ameneyo akanakhala wa pa wailesi.

"Mayo ine! Mwatisiyira chiyani, bambo? Munali wabodza, koma munali wathu! Munali wouma mtima, koma mwapita! Mayo!"

Wamkulu wa anyamatawo, wa chipsera pamphumi, anagogoda galasi ndi chikwanje.

"Zimitsa. Wachokera pa esiteti?"

"Eya, achimwene. Zovuta, monga mukuonera. Tikupita ku mochale."

"Tamva kuti kuli namapopa wachizimayi kumeneko."

"Akumusaka kumtunda. Mukachedwa pano mupeza atamaliza."

"Tsegula kumbuyo."

Ndinatsika. Makiyi anandigwa, ndinawatola, anagwanso. Nditatsegula, amayi aja anakweza mfuu, Dokotala ali pakati, chitenje chikugwedezeka. Ameneyo samachita sewero, amanjenjemera zenizeni. Wachipsera anayang'ana olirawo, nayang'ana mapazi a pa machira. Anatambasula chikwanje kuti akweze nsalu.

Ndinadziwa kuti akakweza apeza mtembo wophethira, kunsi kwake bokosi la magazi, ndipo tonse tithera pa mlatho pomwepo.

"Vundukulani, achimwene, ndi ufulu wanu," ndinatero. "Koma mubweze kaye mpweya. Amene awatenga bambowa ndi matenda aja osamva mankhwala. Madokotala athawa, n'chifukwa chake mwaona tili tokha."

Chikwanje chinaima m'malere. Kenako mnzake analoza pansi.

"Nanga madziwa?"

Kuchokera pa machira, kutsika ndi mwendo wachitsulo, kanjira ka madzi kamayenderera mpaka pa chitseko, n'kudonthera pa phazi la wachipsera. Sanali ayisi. A Inichaji anali atalephera kudzigwira.

"Ndi momwe amathera matendawa," ndinatero. "Akukhudzani?"

Mnyamatayo analumpha ngati waponda njoka, n'kuyamba kupukuta phazi m'fumbi. "Tseka! Tseka! Chotsani miyala!" Ena anavula zipewa. Mmodzi anati, "Pepani nazo zovuta," ndipo amake Madalo anayankha, "Zikomo mwanangu, n'chifuniro cha Mulungu."

Sindinasinthe giya mpaka mlatho utabisika. Kumbuyo kulira kunasiya, kunatsala kwa munthu mmodzi. Anali Dokotala Alima, mutu uli pa phewa la amake Madalo, dzanja limodzi lili kunsi kwa machira, litagwira bokosi.

*

Pa Boma ndinakhotera ku polisi. Nditaima, mawu anatuluka kunsi kwa nsalu, aang'ono ngati a mwana.

"Mistala Mulepa. Nkhani ya sasipenshoni ija tikhoza kukambirana."

"Akufa sayankhula, bwana."

Dokotala anapukuta m'maso, nakoka bokosi n'kuliika pamiyendo. "Tiwasiye msanga, a Mulepa. Ana aja akudikira."

Wapolisi wa pa kauntala anatuluka akumanga lamba, naona nthambi za tiyi, naona mapazi opanda nsapato. Anakwinya nkhope.

"Madala, mwasokera. Mtembo mwabwera nawo bwanji kuno? Mochale ndi uko kuchipatala."

"Ayi bwana, uyu ndi wanu," ndinatero ndikukoka machira. "Akadali ndi zoti anene."